Adafika ku Chileka Ndili pa Kanengo

Mng'ono wanga ndidamulera ndine, kumubereka mpaka msana kuwawa, koma ndege adayamba kukwera ndi iyeyo. Ndisabise, zinkandipweteka. Amagwira ntchito ku Blantyre, ndipo akamabwera kuno pa za ntchito, abwana ake amamukweza ndege ngati nduna. Ine ndimasoka zovala pakhonde ku Area 23, ndege ndimangoiona ikudutsa.

Ulendo wina adabwera ndi nkhani. Adati mwana wanga wamkazi, yemwe anali atangokhoza mayeso a Sitandade 8, azikakhala naye kuti akaphunzire sukulu yabwino. Bambo a mwanayo adavomera ine ndisanatsegule pakamwa. Ndikanakana bwanji? Abale onse akanati ndikutsekereza mwana mwayi chifukwa cha nsanje, ndipo sakananama. Ndinkaopa kuti ndikamupereka, mtima wake usamukira komweko.

Chomwe chinkandilimbitsa mtima n'chakuti Blantyre ndi kutali. Ndidapitako kamodzi pa basi. Tidanyamuka m'mawa, Dedza, Ntcheu, Zalewa, kukafika miyendo itatupa. Ndinkati mwanayu akaona mtunda umenewo adzalira, adzadziwa kuti wasiya mayi ake kutali, ndipo sadzandiiwala msanga. Sindinkadziwa kuti mng'ono wangayo wamugulira kale tikiti ya ndege.

Tsikulo ndidawaperekeza mpaka ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Ndidalawirira kukazinga mtedza ndi kuwiritsa mazira, poti waulendo sapita chimanjamanja. Nditatulutsa kajumbo kanga pakhomo lolowera, mng'ono wanga adaseka.

"Asisi, kamba wa chiyani? Ulendo wake sukwana ndi ola lomwe."

Ndidampatsabe mwanayo. Iye adayang'ana amayi ake aang'ono, kenako n'kundibwezera mwaulemu ndi manja awiri. Ulemu umenewo ndi womwe udandilasa.

Ndidaima panja mpaka ndege idanyamuka, ndiye ndidayenda kukasaka minibasi. Idachedwa kudzadza. Itadzadza idayenda pang'ono, n'kukaimanso pa Kanengo, kondakitala akukuwa m'tauni m'tauni, ife tapanikizana, munthu wina atandikhazika thumba la makala paphazi. M'tauni momwe ndinali ndisanafike, kumene ndinkayenera kukakwera ina ya kwathu. Apo foni idalira.

Anali mwana wanga. Adati afika kale ku Chileka. Ndidaganiza kuti akundinamiza, ndidachita kuyang'ana nthawi. Adalankhula osapuma, za mitambo yomwe inali pansi pawo, za chakumwa chomwe adawapatsa, za makutu omwe adatseka. Amayi aang'ono ndiwo adamumanga lamba, amayi aang'ono ndiwo adamugwira dzanja ndege ikutera. Ine ndinkangoti eya, eya. Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikumugwira dzanja podumpha msewu, sadayambe waziyamikira choncho.

Ndidamufunsa ngati walirako panjira. Adaseka.

"Kulira chiyani amayi? Si kutali ayi. Muzingobwera kudzationa."

Ndidati chabwino mwanangu. Ndinkafuna ndimuuze kuti azivala juzi usiku, koma ndidamva mng'ono wanga akumuitana chapatali kuti galimoto yafika. Mwanayo adavomera msangamsanga, mmene sadandivomerepo ine, n'kudula foni tisanatsanzikane.