Ndinkayesa sinowo ndi matope

Abale anga, izi sindinachite kumva kwa munthu, zinandionekera ine ndemwe muno mu Glasgow, ndipo mayi amene ndinali nawo tsikulo akadali moyo, mukhoza kuwafunsa.

Amuna anga ali moyo, nyengo yozizira woyendetsa galimoto anali iwo, ine laisensi ndinali nayo koma ndinkangokhala pambali. Ankasunga matayala anayi apadera m'kachipinda ka katundu, ndipo kukangoyamba kuzizira ankapita nawo kugalaji kukawaikitsa. Sindinawafunsepo chifukwa chake, nanga ndikanafunsiranji mwini wake alipo? Atamwalira ndinachita monga timachitira kwathu, katundu wa malemu sasungidwa, amagawidwa. Majekete, nsapato, ngakhale matayala aja, zonse ndinapatsa abambo a kutchalitchi.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndiye galimoto yakale itatha ndinapita kukasankha ina. Wogulitsa anandionetsa yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo mtima wanga unangoti ndi yomweyi. Ndinakumbuka pikapu ya achimwene anga ku Ntchisi, imene dzinja inkadutsa pamatope pamene malole ankagona, iwo akuti pamatope suchita mantha, umangoponda moto. Wogulitsa uja anandifunsa ngati andiikire matayala a nyengo yozizira, ine n'kuseka, kumuuza kuti ndinakulira kumene msewu umasanduka phala, kasinowo kangandiopse chiyani?

Tsiku lina m'mawa tinadzuka kunja kuli mbuu ndi sinowo, chipale chofewa chimene chinagwa usiku. Anandiimbira mayi ena achikulire a Mvano, amene anagona pansi m'nyumba mwanga masiku onse a maliro a amuna anga, akuti kwagwa zovuta kubanja lina la Amalawi ku Springburn ndipo mabasi akuvuta. Munthu wotere ungamukanize bwanji? Ndinakawatenga ku Dennistoun.

Tinafika pachitunda china pamene magalimoto anali atatitimira, matayala akungozungulira pamodzimodzi, anthu akukankha. Yanga inakwera ngati mbuzi, mayi aja akuwomba m'manja, akuti mwana wanga apa ndiye wagula galimoto. Koma chitunda ukakwera umatsikanso. Kumunsi kunali siteji ya basi, anthu ataima, pakati pawo mtsikana ali ndi khanda m'kangolo kake. Ndinaponda mabuleki, anangonjenjemera kuphazi kwanga, galimoto osamva. Chiwongolero chinapepuka ngati lichero.

Chimene chimandizizwitsa mpaka lero ndi bata lake. Ndinkayesa ngozi imabwera ndi phokoso, koma kunali zii, galimoto ikutsetsereka mofatsa, n'kuyamba kutembenuka yokha ngati wina waigwira pamwamba n'kumaipotoza, nyumba zoyera zikudutsa m'maso mwanga pang'onopang'ono. Mayi aja sanakuwe, anangondigwira bondo n'kutchula dzina la Yesu kamodzi, chapansipansi. Ine maso anali pa khanda lija, ndikudzifunsa kuti ine amene ndikudziwa kuwawa kwa maliro, ndine ndikawadzetse pakhomo pa mwana wa eni?

Kenaka kumbuyo kwa galimoto kunalowa mumulu wa sinowo amene anakankhiridwa m'mbali mwa msewu, ndipo tinaima, titayang'ana kumene tinachokera. Kangolo kaja kanali pafupi moti ndikanatulutsa mkono pawindo ndikanakakhudza. Khandalo linali mtulo, litavala kachipewa kachikasu, osadziwa n'komwe kuti imfa yadutsa pambali pake.

Mkulu wina wa konkuno anagogoda pawindo kufunsa ngati tili bwino, kenaka anawerama n'kuyang'ana matayala. Anapukusa mutu, akuti galimoto yanga ili ndi miyendo inayi yamphamvu, koma ndaiveka nsapato za kutchalitchi, ndipo pa ayisi kukoka ndi kwina, kuima ndi kwina. Apo mpamene ndinakumbuka matayala a amuna anga, misozi n'kutsika. Zaka zonsezo munthu ankanyamula zimatayala zolemera kutsika nazo masitepe, ine ndikumuseka kuti amakonda zovutika, kani ankasunga moyo wanga osandiuza.

Mayi aja mpweya utabwerera anati tinanyamuka kukapepesa anamfedwa, pang'onong'ono anthu akanabwera kudzapepesa kwathu. Galimoto tinaisiya pomwepo, kumaliro tinafika wapansi titagwirana mikono.

Ena amati unali mwayi chabe, mulu wa sinowo basi. Ine sinditsutsana nawo, koma ndinali m'katimo, ndipo ndikhulupirira kuti lilipo dzanja limene linatitembenuza. Galimoto ija ndikadali nayo, ndi yabwino ndithu, koma kukayamba kuzizira ndimapita kugalaji monga ankachitira malemu. Inu obwera kumene, mukamasankha galimoto musangofunsa ngati imakwera chitunda, funsaninso ngati idzaima potsika. Sinowo si matope a kwathu, ndipo khanda la eni silidzagona pamalo abwino kawiri.