Galu Amene Sanatafune Nsapato Yanga

Chaka chomwe ndinalandira kuponi yoyamba ya fetereza, adokotala anandilangiza kuti ndiyambe kuthamanga pang'ono chifukwa magazi ankakwera. Ndinagula nsapato zotchipa pamsika wa Kasungu Boma, koma mayi akunyumba ndinawanamiza kuti n'zapamwamba, zovala akatswiri.

Kunena zoona, zinali zopepuka ngati tsamba la fodya wouma, ndipo mapazi sankapweteka. Koma zinkadana ndi madzi. Tsiku lachinayi ndinadutsa m'dambo la ku Chulu udzu uli ndi mame, guluu n'kutula pansi udindo. Yakumanja inayasama, ndipo ndinabwerera ikundiwombera m'manja njira yonse.

Ndinaiponya kuseri kwa chigafa cha fodya, n'kunena kuti waitafuna galu wathu, Dziwazako.

"Ameneyu sadya," anagamula mayi.

Galu anakhala ndi njala masiku awiri, akundiyang'ana ngati mkulu wa mpingo. Tsiku lachitatu mayi anandipeza ndikuba mkute woti ndimupatse galuyo.

"Mpatseni ndithu, abambo," anatero. "Galu wodziwa kumatula guluu osasiyapo dzino ndi wosowa."

Dziwazako anafa ndisanamupepese.