Ndodo ya a Kalemba

A Ernest Kalemba agwira ntchito mu ofesi ya boma mumzinda wa Sheffield, kutsidya kwa nyanja, zaka khumi ndi zinayi. Mwendo wawo wakumanzere unapuwala ndi poliyo ali mwana ku Ntcheu, ndipo chiyambire mliri wa korona ankagwirira ntchito kunyumba. Kenaka kunabwera kalata yoti aliyense azipita ku ofesi masiku atatu pa sabata.

Atawaitana kuti akafotokoze vuto lawo, a Kalemba anavala suti, nasiya ndodo yawo kuseri kwa chitseko, pakuti munthu wamkulu sadandaula pamaso pa bwana. Mayi wowafunsayo atati, "Mukupeza bwanji?" iwo anayankha kuti ali bwino ndithu, nathokoza. Pempho lawo loti azigwirirabe kunyumba linakanidwa.

Akazi awo, a Joan, omwe ndi namwino, anangogwira pakamwa. "Bambo a Peace, kuno ukati uli bwino amalemba kuti uli bwino. Ulemu wanuwo ndi umene uzikukwezani chitunda cha panjira ya ku ofesi chija?"

Pa apilo a Kalemba sanalankhule zambiri. Anatenga ndodo yawo, napempha mayi uja kuti ayende nawo kuchokera pa siteji ya basi kukafika pakhomo la ofesi. Ulendo wa mphindi zisanu unawatengera mphindi makumi awiri, ndipo anapuma katatu atatsamira mpanda. Atafika, mayiyo anavomera pempho lawo lija.

Lero amagwirira kunyumba, kupatula Lachitatu, pomwe takisi imakawatula pakhomo penipeni. Ndodo ija amaigoneka pa desiki, poonekera.