Tiyi wanu uja ndamwa wopanda shuga

Azakhali, lero kuntchito kuno ku Randburg adona atsegula kachitini ka tiyi wodula, wochokera ku esiteti imodzi yokha ya ku Thyolo. Fungo litangondimenya ndinati, basi azakhali anga afika! Mukukumbuka ku Diepsloot kuja, mutabwera ndi masamba a ku esiteti yomwe munathyolako tiyi zaka zonse zija? Ine ndinathiramo mkaka ndi masipuni anayi a shuga. Munandilanda kapu n'kukhuthulira panja. "Iwe, uyu si wa m'timatumba wogula pa kagolosale ka spaza. Awa ndi masamba awiri ndi kansonga, othyoledwa ndi zala izi. Ngati ukufuna phala unene." Ndinalumbira kuti tiyi wanuyo sindidzamulawanso, ndipo mukundidziwa, sindinamulawedi mpaka munatisiya.

Lero ndamwa, osathiramo kanthu. Ndi wofiirira ngati uchi, amayamba ndi kakuwawa pang'ono, kenako kukoma kumatsalira kukhosi osachoka. Adona andipeza ndikuseka ndekha m'khitchini. Chabwino, munkanena zoona, ndavomera pagulu. Koma za shuga wanga munataya uja sindinakhululukebe. Usani mumtendere, mayi wovuta inu.