Bondo la abambo

Abambo anathyola tiyi pa esiteti kuyambira ali mnyamata, dengu kumsana, kukwera ndi kutsika mitunda ya kuno ku Thyolo. Atakalamba, bondo la kumanja linatheratu. Madokotala a ku Blantyre anadula mafupa odyekawo n'kuikapo chitsulo.

Atatuluka m'chipatala, amayi anayamba kuwathowa. Ndi mmene timachitira kwathu: pakatupa, timaviika nsalu m'madzi otentha n'kumasindikiza nayo pamalopo. Amayi ankatero m'mawa ndi madzulo, ndipo abambo ankati ndi nthawi yokhayo imene ululu unkawasiya.

"Mufuna mundiphike, amayi inu?" ankatero abambo.

"Nyama yokalamba imachedwa kupsa. Khalani chete."

Miyezi inapita, koma mwendowo unkakanabe kuponda pansi. Ine ndi amayi tinabwerera nawo kuchipatala. Dokotala anayang'ana ekisire nthawi yaitali, kenaka anati fupa linapsa. Macheka odulira fupa amathamanga kwambiri. Akakhala obuntha, kapena madzi oziziritsira akachepa, amatentha mpaka fupa la m'mphepete mwa podulapo limafa. Fupa lakufa siligwira chitsulo, n'chifukwa chake chinkagwedera. Opaleshoni ina inali yotheka, koma fupa lotsala linali lochepa. Dokotalayo sanalonjeze kanthu.

Mu minibasi pobwerera, titadutsa pa Bvumbwe, amayi anatembenukira kwa ine.

"Ndawaotcha ndine," anatero. "Ndi madzi aja."

Ndinawafotokozeranso za macheka, m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe. Anapukusa mutu. Anati dokotalayo anangowachitira ulemu poona imvi. Munthu wophunzira chonchija angaotche bwanji fupa la mnzake? Moto unali pa mafuwa awo.

Kuyambira tsiku limenelo sanakhudzenso bondolo. Abambo ankawapempha, nthawi zina mokalipa.

"Ndithoweniko pang'ono, amayi. Lapsa kale, muopanji?"

Amayi ankangotuluka panja n'kukasesa posesa kale.

Ine ndimagwira ntchito ku Luchenza, choncho ndinkabwera Loweruka lokha kudzawathowa. Ndikangotembenuka, amayi ankathira madzi ozizira m'beseni. Abambo ankazindikira nsalu ikangowakhudza.

Opaleshoni yachiwiri abambo anaikana okha. Anati macheka awalawa kamodzi, basi. Masiku ano amakhala pakhonde, mwendo uli pa mpando, kuyang'ana anthu akuthyola tiyi kutsidya. Bondo likayamba kuwawa, amadzisisita okha ndi chikhato.