Mwana Wathu Wachitsulo

Ndine wa ku Mwanza, koma mpaka lero ndikamva fungo la manachesi mtima umachita nseru.

Nkhondo ya ku Mozambique itatha, bambo anatola chitsulo chonenepa ngati chinangwa m'tchire la kumalire. Ankadziwa kuti ndi bomba, koma ankati linafa kalekale. Analiika pawindo kuti azionetsa alendo.

Ine ndi mng'ono wanga Esinati tinalisandutsa mwana. Tinkalisambitsa, kulidzoza mafuta, n'kumalibereka ndi kansalu. Linkazizira kumsana, likununkha dzimbiri.

Tsiku lina tinalimbirana.

"Iwe Lute, mpatse mnzako naye abereke," anatero mayi. "Pita ukathyole manachesi."

Ndinamubereketsa ndekha, nditakwiya. Mfundo ndinamanga yosalimba dala, kuti agwetse mwanayo, mayi amukalipire.

Ndili mumtengo ndikusenda nachesi, ndinamva kuphulika. Ndinayesa ndi tayala la thiraki pamsewu, ndipo ndinapitiriza kudya.

Esinati tinamuika m'mawa mwake, bokosi osatsegula.

Bambo anamwalira akudziimba mlandu okha, chifukwa za mfundo ija sindinauzepo munthu. Lero ndili ndi ana atatu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuikapo kumsana.