Waya wabuluu wa ku Nyimba

Tasila Daka ndiye amayang'anila makompyuta a bungwe lina la alimi a nshawa ndi thonje. Iye amakhala ku Petauke, koma seva ya bungwelo, kompyuta yaikulu yosunga maina a alimi ndi zokolola zawo, ili m'kachipinda kuseli kwa depoti ya ku Nyimba. Mlonda wa depotiyo anali bambo ake, a Josphat Daka.

A Daka anali ouma pakamwa. Chimwalilile akazi awo, sanaimbilepo mwana wawo foni n'kunena kuti amusowa. Mwamuna wa msinkhu wawo sapempha mwana kuti adzamuone. Ndiye anapeza nzelu yawoyawo: mtima ukawawawa, ankalowa m'kachipinda kaja n'kuzula waya wabuluu wa intaneti kumbuyo kwa seva. Ku Petauke zonse zinkaima, Tasila n'kukwela minibasi akung'ung'udza. Akafika ankapeza nkhuku yaphedwa kale, nthochi zakupsa zili m'lichelo.

"Ni makoswe, mama," ankatelo a Daka, maso ali kumbali.

"Makoswe a kuno ali na manja, atate?"

Onse ankaseka, waya n'kubwelela pamalo pake.

Koma ku ofesi sankaseka nawo. Seva ikazima, alimi a ku Nyampande ankaswela padzuwa ndi matumba panjinga, kudikila kuti alembedwe. Tasila anatopa nako kukalipilidwa. Anagula kamodemu, kachipangizo ka intaneti koika simu ya foni, napita nako ku Nyimba kuti seva ikhale ndi njila yachiwili. M'kati mwa seva anatsegula khomo lina, losaoneka ndi maso, lodzela ku kamodemuko.

Zinamuvuta tsiku lonse. Uthenga unkalowa bwinobwino pa khomo latsopano, koma yankho linkatulukila pa khomo lakale, la waya uja, n'kukasochela. A Daka anakhala pa mpando pakhomo, kuonela mwana wawo akulimbana ndi makina thukuta lili kamukamu.

"Ukakonza, waya ukachoka kuzachitika chani?" anafunsa.

"Kulibe. Sizazimanso."

"Oho," anatelo. "Wachita bwino."

Chakumadzulo Tasila anapeza pogona vuto. Anailamula seva kuti yankho lililonse lizitulukila pomwe uthenga walowela. Kenako, bambo ake akuona, anazula yekha waya wabuluu. Seva sinagwedezeke n'komwe. Tasila anaubwezela wayawo n'kuomba m'manja ndi chimwemwe, bambo akenso anaomba pang'onopang'ono kumuthandiza. Iye sanaone kuti pa lamba wawo anali ataboolanso chiboo china chifukwa cha kuonda, kapena kuti nkhuku ya tsikulo anangoigwilagwila.

Nyengo yogula nshawa inafika, seva osazima ngakhale kamodzi. Ku ofesi anamutamanda. Akaimba foni, bambo ake ankati, "Nili bwino, gwila nchito." Iye ankati abwela msika ukatha, ndipo ankanenadi zoona.

Msika usanathe, foni inachokela kwa amai Jessy, amene amagulitsa nthochi pafupi ndi depoti. A Daka anali atagwa pa geti, ndipo anatsilizika asanafike kuchipatala.

Atachoka kumanda, Tasila anapita ku depoti kukatenga jekete ndi tochi ya bambo ake. Anatsegula kachipinda kaja mwa chizolowezi chabe. Waya wabuluu unali wozula, wokulungidwa bwino, wopachikidwa pa msomali. Kunsonga kwake kunali fumbi lambili. Seva inali kung'ung'uza monga mwa masiku onse, timagetsi tobiliwila tikuphethila.

"Anauzula kalekale," anatelo amai Jessy ali pakhomo. "Anati mwina makina azatopa. M'mawa mulimonse anali kugula nthochi, n'kukhala pamsewu kuyangana maminibasi a ku Petauke. Zikapsa kwambili anali kupatsa ana."

Tasila anakhala pansi pa simenti, waya uli m'manja, nalila kuposa mmene analilila kumanda. Bambo ake anamuitana m'njila yokhayo imene ankaidziwa, ndipo amene anaitseka njilayo anali iye mwini, akuomba m'manja.

Nchito akugwilabe, ndipo anzake amati palibe womuposa pa za maseva. Akabwela ku Nyimba sagula nthochi. Mlonda watsopano anamufunsapo ngati waya wa pa msomali uja ubwezeletsedwe, iye anangoti ausiye pomwepo.